Mayi amene anadwala poliyo ali mwana n'kuyambanso kufooka atakula: lipoti la nkhani

Lipoti ili ndalembera anzanga a mafizo, alangizi a zaumoyo ndi ena onse amene timayendera anthu aulumali m'midzi. Ndikufuna lifikenso kwa abusa ndi akulu a mipingo, chifukwa zambiri zimene zinapweteka mayiwa, ndiponso zambiri zimene zinawadzutsa, zinachitikira kumapemphero osati kuchipatala. Eni ake analola kuti nkhaniyi ilembedwe. Dzina lawo, mudzi, mpingo ndi chipatala chimene anagonekedwa sinditchula, ndizingoti "mayi".

Kalata imene inawatumiza kwa ife mu 2022 inali yaifupi: anathyoka ntchafu yamanzere pamwamba pa bondo, fupa lalumikizana, aphunzitsidwe kuyenda. Za poliyo munalibemo, ngakhale aliyense akanaona kuti mwendo wothyokawo unali wopuwala kuyambira kalekale.

Mbiri yawo

Anabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, m'boma lina la m'chigawo cha kumwera. Ali ndi zaka ziwiri, atayamba kale kuyenda, thupi linatentha. Mayi awo anayesa malungo, ndipo anawatengera kwa bambo wina amene ankabaya jakisoni m'mudzimo. Patapita masiku ochepa mwana sanathenso kuimirira. Mwendo wamanzere unangoti lende. Wamanja unafookanso, koma m'miyezi yotsatira mphamvu zinabwerera, ndipo banja lonse linkautchula kuti "mwendo wabwino". Mawu amenewa muwasunge, tidzawafuna kutsogoloku.

Agogo, mayi awo a mayiwa, mpaka lero amati jakisoni ndiye analumalitsa mwana. Sindinawatsutse kotheratu. Mwana akakhala kuti watenga kale kachilombo ka poliyo, jakisoni wa m'mnofu amatha kuchititsa kuti kupuwala kugwere mwendo umene wabayidwawo. Koma singano ikabaya mtsempha wa m'thako, kufooka kumakhala kuyambira m'bondo kutsika, mwendo umodzi wokha, ndipo phazi limachita dzanzi. Apa miyendo yonse iwiri inakhudzidwa, minofu ya m'chiuno ndi ya kutsogolo kwa ntchafu inafa, koma khungu linkamva bwinobwino. Ameneyo ndi poliyo.

Abale a kwa bambo anati ndi za anthu. Zipsera za mphini zikuonekabe kuzungulira bondo. Mwanayo anakwawa mpaka zaka 8, pamene a Malawi Against Polio, bungwe limene linayamba mu 1979, anamupeza pa umodzi wa maulendo awo a m'zipatala za kumidzi. Anamuchita opaleshoni yowongola chiuno ndi bondo, n'kumupatsa zitsulo zogwira mwendo wonse ndi ndodo ziwiri za m'khwapa. Sukulu anayamba mochedwa, koma kuwerenga ankadziwa kale, chifukwa agogo aja ankamubereka kumsana kupita naye ku Sande sukulu, kumene mphunzitsi wina anamulowetsa kwaya ya ana. Atamaliza Sitandade 8 anakaphunzira kusoka ku Magomero, pa sukulu ya ntchito zamanja ya MACOHA, bungwe loona za anthu aulumali.

Pa ukwati panali mawu. Akuchimuna ankafunsa kuti madzi adzatunga ndani, nanga adzabereka? Ana anabadwa atatu, onse kuchipatala, onse abwinobwino, pakuti poliyo sachokera kumtundu. Makina osokera opalasa ndi mwendo ndiwo analipira fizi, kugula malata ndi feteleza. Kumpingo anali msungichuma wa gulu la amayi, woyambitsa nyimbo m'kwaya, ndipo mayunifolomu a amayi ambiri a mpingowo anatuluka m'manja mwawo.

Ndalemba zonsezi dala. Munthu amene tinamupeza atagona pamphasa m'chipinda chamdima sanali woti timupangire moyo watsopano. Moyo anali nawo kale, wodzaza, ndipo ndi umene unali kuwapulumuka m'manja.

Kufooka kwatsopano ndi kugwa

Zinayamba pang'onopang'ono, zaka zinayi kapena zisanu asanathyoke. Ikamakwana 11 koloko m'mawa ankakhala atatopa ngati agwira ntchito tsiku lonse. Kupalasa makina kunayamba kulemera. Bondo la "mwendo wabwino" uja linkapinda lokha osawachenjeza, ndipo anagwa kumjigo, kenako pakhonde. Usiku minofu inkakokana. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ululu unkakula. Zala zakumanja zinkachita dzanzi mpaka kuwadzutsa kutulo. Kuchipatala chaching'ono ankapatsidwa mankhwala opha ululu n'kuuzidwa kuti ndi ukalamba.

Anthu anayamba kuyankhula. Ena ankati ulumali sukula wokha, pali chimene analakwa. Mu February 2022 boma litalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka mwana wopuwala ndi poliyo, koyamba chiyambire 1992, amayi ena oyandikana nawo analetsa ana awo kusewera pakhonde la makina, poganiza kuti matenda aja awayambiranso ndipo apatsira ana. Makasitomala anachepa.

M'masiku amenewo ndi pamene mng'ono wawo anawatengera ku mapemphero a usiku wonse a mneneri wina wodzacheza. Mayiwa moyo wawo wonse ankakana zoterezi. Ankati Mulungu anawayankha kale pamene anawachotsa pansi ali ndi zaka 8. Koma ulendo uno anali ndi mantha, pakuti thupi linali kuwathawa ndipo panalibe amene anawauza chifukwa chake. Chapakati pa usiku anaitanidwa kutsogolo. Anauzidwa kuti avule zitsulo, ataye ndodo, ayende. Anyamata awiri anawaimiritsa n'kuwasiya. Anagwera kumanzere, ndipo iwo eni anamva fupa likuthyoka nyimbo ili mkati. Mawu omaliza amene anamva asanawanyamule anali akuti chikhulupiriro chawo n'chochepa.

Mafupa a mwendo wopuwala ndi poliyo amakhala opyapyala ndi osalimba, chifukwa sanasenze thupi mokwanira ndipo minofu sinawakoke pokula. Kugwa kumene munthu wina angangodzuka n'kusansa fumbi, kwa iwo kumathyola fupa, kawirikawiri pafupi ndi bondo. Milungu imene anakhala m'chikhakha inadyanso mphamvu zotsala. Atatuluka m'chipatala sanapitenso kutchalitchi, ndipo makina anawafunditsa chitenje.

Zimene tinapeza

Poyeza minofu pa mlingo wa 0 (palibe mphamvu) mpaka 5 (mphamvu zonse), mnofu wowongola bondo lamanzere unali pa 0, ya m'chiuno pa 2. Zimenezo sizinatidabwitse. Chimene chinafotokoza nkhani yonse chinali kumanja: mnofu wowongola bondo unali pa 3 basi, ndipo bondolo linkabwerera m'mbuyo akaponda, likupweteka. Mwendo wamanzere unali waufupi ndi masentimita 4, msana unali wopindikira mbali imodzi, ndipo zitsulo zawo zakale, zowotcheredwa kangapo kwa okonza njinga, sizinkagwiranso bondo. Mapewa onse ankapweteka akakweza mikono. Dzanzi linali pa chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, chizindikiro chakuti mtsempha wapanikizika polumikizira dzanja chifukwa chotsamira ndodo zaka zoposa 30. M'miyendo ankamva kukhudza paliponse, ndipo mkodzo ndi chimbudzi zinali bwino.

Tisanatchule dzina la vutoli tinapempha adokotala kuti ayeze zina zimene zimafooketsa munthu: kuchepa kwa magazi, shuga, HIV, ndiponso ajambule msana poopa TB ya mafupa. Zonse zinali bwino. Tinafunsanso za kupuma ndi kumeza, ngati amadzuka mutu ukuwawa, ngati amatsamwa pakudya. Panalibe. Koma ankadya pang'ono, tulo tinkasowa, ndipo nyimbo inatha pakamwa. Nditawafunsa mosabisa ngati anaganizapo zodzipha, anakana, koma anati, "Adokotala, bola ndikanangopita ndili mwana."

Chimene anali nacho ndi kufooka kumene kumabwera mochedwa kwa anthu amene anadwalapo poliyo, m'mabuku athu post-polio syndrome. Kumayamba pakapita zaka 15 mpaka 40 chidwalireni, ndipo kumagwira anthu 25 mpaka 40 mwa 100 aliwonse amene anapulumuka. Kachilombo ka poliyo kamapha ena mwa maselo a mumsana amene amalamula minofu. Otsalawo amaphuka nthambi n'kutenga minofu imene yasiyidwa, n'chifukwa chake mwana amaoneka ngati wachira. Koma selo limodzi limakhala likugwira ntchito ya maselo angapo, ndipo pakapita zaka nthambi zija zimayamba kufota. Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa vutoli; timalidziwa ndi mbiri, ndi kuyeza minofu, ndi kuchotsapo matenda ena. Si kachilombo kamene kabwerera, ndipo sapatsirana.

Ndinawafotokozera motere: taganizirani mayi amene abale ake amwalira n'kumusiyira ana asanu ndi awiri kuwonjezera pa ake atatu. Amawalera onse, mudzi n'kumamuyamikira, koma amakalamba msanga kuposa anzake. Mitsempha ya mwendo wanu wamanja ndi mayi ameneyo, ndipo makina aja yawapalasa yokha zaka zonsezi. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti si tchimo?" Amuna awo, amene anakhala pakhomo, anapempha kuti ndibwereze kuti nawonso akathe kufotokozera abale. Anzanga, kufotokoza kumeneku ndi mankhwala oyamba, ndipo kukanabwera zaka zinayi m'mbuyomo, mwina sakanapita kutsogolo kuja usiku uja.

Zimene tinasankha ndi zifukwa zake

Choyamba chinali kuletsa mafizo olemetsa. Alamu awo, pofuna kuthandiza, ankawamangirira thumba la mchenga kuphazi kuti azinyamula mpaka thukuta. Kwa munthu wothyoka wamba zimenezo n'zomveka, koma kwa wa poliyo zimapsereza mitsempha yotsalayo. Minofu imene inali pansi pa 3 sitinaipatse cholemetsa chilichonse. Inayo inkachita pang'ono, n'kupuma pakati. Lamulo limene tinagwirizana linali losavuta kukumbukira: ngati kutopa kapena ululu wafika mpaka mawa lake, ndiye kuti dzulo munapyola. Tsiku tinaligawa kuti ntchito yolemera izikhala m'mawa, ndipo masana azigona pang'ono asanatope, osati atatopa kale.

Chachiwiri chinali zoyendera, ndipo apa ndi pamene panavuta. Tinaganiza zoti akhale ndi ziwiri: zitsulo zatsopano zokhala ndi nsapato yokwezedwa, ndi ndodo za m'chigongono, zoyendera m'nyumba ndi pabwalo, ndiponso njinga ya anthu aulumali ya maulendo ataliatali. Zitsulo anavomera tsiku lomwelo. Njinga anakana kwamtuwagalu. "Ndinachoka pansi ndili ndi zaka 8, lero mukufuna mundikhazikenso? Anthu adzati zoonadi Mulungu wamusiya." Kwa iwo kuyenda choimirira kunali umboni umene anakhala akuupereka m'mapemphero kuyambira utsikana. Kukhala panjinga kunali ngati kubweza umboniwo.

Sitinakakamize. Njinga yokakamiza imathera kukhonde, nkhuku n'kumaikiramo mazira. M'malo mwake ndinawafunsa kuti pa zonse zimene asiya kuchita, chimene chikuwawawa mtima kwambiri n'chiti. Sanatchule kuyenda. Anatchula kwaya, kuyendera odwala pamodzi ndi amayi anzawo, ndi makina. Kenako tinawerengera limodzi. Kutchalitchi kunali mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Chaka chomaliza asanathyoke ankanyamuka anzawo asanasambe, n'kufika atatheratu, moti nyimbo ankayambitsa ena, ndipo Lolemba sankasoka. Mphamvu zimene zinkathera panjira ndi zomwe zinkafunika poimba. Cholinga cha chithandizo tinachilemba m'mawu awo: kufika kutchalitchi ndili ndi mpweya woimbira, ndi kusoka mpaka masana. Mawu akuti "aphunzitsidwe kuyenda" a m'kalata ija anakhala mbali imodzi chabe ya zimenezo.

Komabe mfundo ya umboni ija sinali yanga kuimasula. Ndinapempha chilolezo chawo kuti ndikaonane ndi abusa a mpingo wawo. Anazengereza, kenako anati, "Pitani, koma iwo anandiiwala." Kwa abusa ndinakapeza nkhani ina. Akulu a mpingo anamva kuti msungichuma wa amayi wapita kwa mneneri, ndipo ataona kuti sakubweranso, anaganiza kuti wachoka mumpingo. Ena anali atayamba kale kukamba zoti aitanidwe ku bwalo. Mayiwa ankadikira mpingo, mpingo unkadikira mayiwa, miyezi n'kumapita. Palibe amene anauza abusa kuti munthuyo anathyoka ntchafu ndipo sangathe kutuluka m'nyumba, chifukwa banja linkachita manyazi ndi mmene zinachitikira.

Abusawo anachita bwino kwambiri. Anapita ndi amayi awiri a kwaya, atatenga mgonero. Atangokhala pansi anati sanabwere kudzafunsa za usiku uja, abwera kudzapepesa kuti nkhosa inavulala iwo osadziwa. Anawerenga 2 Samueli 9, nkhani ya Mefiboseti, mwana wa Yonatani, wopunduka mapazi onse awiri, amene Davide anamuitana kuti azidya pa gome la mfumu masiku onse. Anati taonani, nkhaniyi ikutha munthuyo akadali wopunduka, ndipo malo ake pagome sanadikire kuti achire. Mayiwa ndiwo anatchula okha za Paulo, amene anapempha katatu kuti minga ichoke m'thupi mwake n'kuyankhidwa kuti chisomo chikukwanira. Amayi aja anayambitsa nyimbo, iwo n'kulandira. Patangopita masiku ochepa mayiwa anatumiza mwana kudzandiuza kuti ndibwere ndi tepi yoyezera njinga.

Pano ndinene maganizo anga. Inenso ndine wopemphera, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma amene amauza munthu kuti avule zitsulo kapena ataye mankhwala kuti aonetse chikhulupiriro, kenako n'kumusenzetsa mlandu akagwa, wamulakwira kawiri. Ifenso azachipatala tikamanyoza mapemphero timataya wodwala, chifukwa sadzatiuzanso kumene akupita usiku. Chimene ndimauza anthu anga n'chakuti pempherani, pemphereredwani, koma zitsulo zili kumwendo. Ndipo funso lakuti "mumapemphera kuti, nanga akudziwa kuti mukudwala?" liyenera kukhala pa fomu yathu pamodzi ndi la mankhwala amene munthu akumwa.

Njinga yoyamba imene inapezeka inali yamphatso, ya mtundu wa m'zipatala: yotakata kwambiri, yopanda khushoni, timatayala takutsogolo tating'ono tomira mumchenga. Tinathokoza n'kuipereka kwina. Malangizo a 2008 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amanena momveka kuti njinga iyenera kuyezedwa pa munthuyo, kukonzedwa kuti imukwane, mwini wake aphunzitsidwe, ndipo iziyenderedwa. Tinadikira ya matayala atatu, yaitali, yopangidwira njira zokumbika, imene wokonza njinga za kabaza pamsika angathe kuimata ndi kuisintha masipoko. Tinaika khushoni yokwera mbali imodzi chifukwa cha chiuno chopendekeka. Popeza kupalasa njinga nakonso kumadya mapewa, tinawaphunzitsa kukankha motalika ndi modekha, kupopa matayala mlungu uliwonse, ndi kulola kukankhidwa pachitunda. Usiku ankavala kothandizira dzanja kuti lisapindike, ndipo dzanzi linachepa.

Tchalitchi chinali ndi masitepe atatu, okwera masentimita 45 onse pamodzi. Abambo a mpingo anadzipereka kumanga pokwerera njinga, koma anayamba ndi kanjira kafupi kotsetsereka kwambiri, koti munthu akanagudubuzika chagada. Muyezo wake ndi wakuti pa sentimita iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a kutalika, ndiye panafunika mamita 5 ndi masentimita 40. Anagumula n'kumanganso m'mbali mwa khoma. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linkanena kale kuti nyumba zolowamo anthu onse zizifikirika, ndipo la 2024 lalowa m'malo mwake, koma ku komiti ya mpingo sitinafunike kutchula lamulo. Mkulu wina wokalamba anangoti mawondo akenso atopa ndi masitepewo.

Zinthu ziwiri zikanatiphonya tikanangoyang'ana khomo. China ndi pokhala. Ena ankati njinga iziima kumbuyo pafupi ndi chitseko kuti isatchinge njira. Mayiwa anati iwo ndi a kwaya, ndipo benchi imodzi ya kwaya inadulidwa kuti njinga ilowe pamzere. Chinacho ndi chimbudzi. Titapita kukachiona, chitseko chinali chopapatiza, pansi ponyowa, popanda pogwira. Apo ndi pamene anaulula kuti kwa zaka zambiri ankasiya kumwa madzi kuyambira Loweruka madzulo, kuti Lamlungu asafune kupita kumeneko, chifukwa kukanakhala kugwira pansi ndi manja omwewo okalandirira mgonero. Palibe m'kwaya amene ankadziwa. Chimbudzi chimodzi chinakulitsidwa khomo, n'kuikamo mpando wa simenti ndi chitsulo chogwira. Kunyumba tinachita chimodzimodzi ndi mpando wathabwa wobowola pakati.

Makina sitinafune kuti asinthidwe kukhala opukusa ndi dzanja, chifukwa phewa linali lodwala kale. Anabwereka ndalama ku banki m'khonde n'kugula kamota kamagetsi, kamene kamangofuna kukhudza pang'ono ndi phazi, ndipo anasamukira pakhonde la golosale ina pamsika. Magetsi akazima wopalasa amakhala mtsikana amene akumuphunzitsa, iwo n'kumayeza ndi kudula pa tebulo limene linafupikitsidwa miyendo.

Pakhomo panalinso zofuna maso. Mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 ankajomba kusukulu kuti aziwasamalira; tinagawa ntchito kwa onse ndipo anabwerera m'kalasi. Amuna awo ankapita kumjigo kusanache kuti anzawo asawaone atasenza ndowa, ndipo tsiku lina anandiperekeza mpaka kumsewu kuti afunse motsitsa mawu ngati za m'banja zingathyolenso fupa lija. Ndinawayankha, ndipo kenako tinakambirana onse atatu. Funso limeneli anthu salifunsa pagulu, choncho tiziwapatsa mpata. Mng'ono wawo uja anali atasiya kubwera pakhomopo chifukwa chodziimba mlandu. Mayiwa anamuitanitsa okha, ndipo lero ndi amene amawakankha pachitunda cha kutchalitchi.

Zimene zinatsatira

Anabwerera kutchalitchi chaka cha 2022 chisanathe, ndipo udindo wa usungichuma anaupeza ukuwadikira. Panthawiyo alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo ndi madontho a katemera wa poliyo, ndipo mabanja ena ankabisa ana. Pa msonkhano wa amayi, mayiwa anakweza chitenje mpaka m'bondo n'kuonetsa zitsulo zija. Anati moyo wawo ndi wabwino ndipo sasinthana ndi munthu, koma palibe chifukwa choti mwana wina adutse njira yomweyo pamene madontho awiri alipo aulere. Mlangizi wa deralo anandiuza kuti ulendo wotsatira makomo amene ankatsekedwa anatseguka, kuphatikizapo a amayi aja analetsa ana kusewera pakhonde.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa chimbudzi cha kunyumba ndi kukumba zigwembe panjira, moti njinga sinkadutsa. Kwa milungu ingapo anabwerera pa ndodo tsiku lonse, kupita ku chimbudzi cha eni ndi kukalandira thandizo, pa mzere umene panalibe pokhala. Titawayezanso, mnofu wowongola bondo lamanja unali utatsika kuchoka pa 3 kufika pa 2, ndipo sunabwerere ngakhale atapuma. Munthu wa vutoli akapyola muyezo kwa nthawi yaitali, zina zimene wataya sizibwerera. N'chifukwa chake m'dera lathu tsopano mayina a anthu oyendera zitsulo ndi njinga timawapereka ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi mvula isanayambe, kuti pa tsoka adziwike amene akufunika kumutengera thandizo pakhomo. Bondo lamanja tinaliika chogwirizira kuti lisabwerere m'mbuyo.

Pamene ndinawaona komaliza ankayenda ndi ndodo m'nyumba mokha, kwina konse panjinga. Chithyokereni sanagwenso. Amasoka mpaka masana masiku ambiri, ali ndi atsikana awiri ophunzira, ndipo ngongole ya kamota anamaliza. Amayendera odwala ndi amayi anzawo ngati kale, ndipo abusa amawatuma makamaka kwa mabanja amene mwabadwa mwana wolumala kapena amene wina wafa ziwalo. Kumeneko mayiwa amayankhula zimene ife sitingathe. Amandiuza kuti amapempherabe kuti mphamvu zisapitirire kuchepa, ndiponso kuti masiku ena, makamaka kukazizira, amalira.

Zotsala zilipo. Phewa lamanja likupitirira kupweteka, ndipo likafika poipa tidzayenera kuganiza za njinga ya mtundu wina kapena kuchepetsa maulendo. Thupi lawonjezeka chiyambire kukhala panjinga, choncho takambirana za kuchepetsa nsima yamadzulo ndi shuga wa mu tiyi, zimene sanazilandire ndi manja awiri. Khushoni yayamba kuphwa ndipo ina sinapezeke. Chifukwa cha msana wopindika, pa ulendo uliwonse tizifunsa za kupuma usiku ndi kumeza, ndipo amuna awo tawauza kuti akaona mayi akudzuka ndi mutu kapena akuwodzera masana mosazolowereka, asadikire tsiku la ulendo wathu.